Mpunga wa Suharto unali wodula, musamangowerenga matumba

Ku Java, chilumba cha ku Indonesia, kuli malole omwe kumbuyo kwake anajambulako nkhope ya mdala wina wa imvi akumwetulira, dzanja atakweza ngati akupereka moni, ndiye pansi pake pali mawu a Chijava akuti "Piye kabare, enak jamanku to?" Kumasulira kwake nkwakuti muli bwanji kodi, nthawi yanga zinthu zinkakoma eti? Mdalayo ndi Suharto, msilikali amene analamulira Indonesia kuyambira 1967 mpaka 1998, ndipo anamwalira mu Januwale 2008 ali pabedi m'chipatala ku Jakarta, khothi lisanamugamule pa mlandu ngakhale umodzi.

Ndayamba ndi lole imeneyi chifukwa cha mnzanga wina amene timatsutsana naye pafupifupi sabata iliyonse. Iyeyo ndi m'modzi mwa anthu aja amati demokalase ndi yongochedwetsa zinthu, dziko losauka limafuna munthu m'modzi wolimba mtima, makamaka wa yunifomu, agwire chiwongolero zaka 30 osasokonezedwa ndi mavoti, ndiye akamapereka zitsanzo amathamangira ku Asia ndipo tsiku lina anatchula Suharto. Akuti taonani Indonesia, anaipeza anthu akufola pamzere kugula mpunga nkuisiya ili ndi mafakitale. Ine sindikana zimenezo, ndizitchula bwinobwino pansipa. Chimene ndikukana nchakuti tizingowerenga matumba a mpunga osafunsa kuti anagulidwa ndi chani, komanso kuti tiziganiza kuti anakhalitsa pampando chifukwa cha nzeru za chitukuko basi. Suharto anakhalitsa chifukwa anadziwa chimene mayiko olemera ankafuna nthawi ya nkhondo ya mawu ija pakati pa America ndi Soviet Union, anawagulitsa chimenecho, iwo nkumulipira ndi ndalama, zida, ndi kutseka pakamwa.

Tiyambire pomwe iye anayambira. Usiku wa pa 30 Sepitembala kucha kwa 1 Okutobala 1965 gulu lina la asilikali linagwira nkupha akuluakulu a asilikali 6, kuphatikizapo mkulu wa onse Ahmad Yani, mitembo nkuiponya m'chitsime pamalo otchedwa Lubang Buaya. Suharto nthawi imeneyo ankatsogolera gulu la asilikali lotchedwa Kostrad, sanali pa mndandanda wa ogwidwawo, ndipo pofika madzulo a tsiku lomwelo Jakarta inali m'manja mwake. Mlandu wonse anauika pa chipani cha chikomyunizimu cha PKI, chomwe chinali chachikulu zedi, mamembala ake ankati ndi 3 miliyoni. Zomwe zinatsatira ndi zija anthu ambiri kwathu kuno sanamvepo nkomwe: pakati pa kumapeto kwa 1965 ndi 1966 anthu osachepera 500,000 anaphedwa, ena amati mpaka 1 miliyoni. Si kuti kunali nkhondo ya magulu awiri a mfuti ayi. Ambiri anali alimi omwe analowa bungwe la alimi, aphunzitsi, amayi a m'bungwe la amayi, ena anangolozedwa chala ndi neba amene ankalimbirana naye munda. Asilikali ankabweretsa mayina ndi malole, magulu a achinyamata nkumaliza ntchito ndi zikwanje usiku, mitembo nkumayandama mu mtsinje wa Brantas kum'mawa kwa Java. Ku Bali komwe anthu amapita kukajambulitsa zithunzi pamchenga kuja nakonso kunafa anthu ankhaninkhani.

Opulumuka sanapulumuke kwenikweni. Masauzande anatumizidwa ku chilumba cha Buru kukalima mokakamizidwa zaka pafupifupi 10 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo atatuluka chitupa chawo chinadindidwa zilembo ET, kusonyeza kuti uyu anali mkaidi wa ndale. Ndi zilembo ziwiri zimenezo ntchito ya m'boma iwalani, uphunzitsi iwalani, ndipo chidetsocho chinkafika mpaka kwa ana ako. Tangoganizani kupita ku ofesi iliyonse, kalaliki nkuyang'ana chitupa, nkukuyang'ana iwe, nkukubwezera osanena kanthu.

Mpando weniweniwo anautenga mwakachetechete, mwa Chijava, osathamanga. Pa 11 Malichi 1966 akuluakulu a asilikali atatu anapita kwa Pulezidenti Sukarno ku Bogor nkubwerako ndi kalata yopatsa Suharto mphamvu zobwezeretsa bata, kalata yotchedwa Supersemar, yomwe chikalata chake choyambirira mpaka lero sichinapezeke. Mawa lake PKI inaletsedwa. Mu 1967 anakhala pulezidenti wogwirizira, 1968 pulezidenti wathunthu, Sukarno nkumwalira mu 1970 ali wotsekeredwa m'nyumba.

Tsopano apa ndi pomwe nkhani ya ubale ndi mayiko akunja ikulowera, ndipo kwa ine ndiye mtima wa nkhani yonse. Sukarno anali munthu wa pakamwa, yemwe anachititsa msonkhano wa Bandung mu 1955 womwe unasonkhanitsa mayiko a ku Asia ndi Africa, mu 1964 anauza America kuti ipite ku gehena ndi thandizo lakelo, anali pa mkangano wa mfuti ndi Malaysia, mu Januwale 1965 anatulutsa Indonesia mu United Nations, ndipo anali kuyandikira kwambiri ku China. Suharto zonsezo anazitembenuza pasanathe zaka ziwiri. Mkangano ndi Malaysia unatha mu Ogasiti 1966, mwezi wotsatira Indonesia inabwerera ku United Nations, mu Ogasiti 1967 nduna yake ya zakunja Adam Malik inasaina nawo ku Bangkok kukhazikitsa ASEAN, bungwe la mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho ubale ndi China unaimitsidwa, unadzayambanso 1990. Chaka chomwecho cha 1967 kunabwera lamulo lotsegulira makampani akunja chitseko, ndipo mayiko olemera anapanga gulu lotchedwa IGGI motsogozedwa ndi Netherlands, mtsamunda wakale yemweyo, loti chaka ndi chaka lizikhala pansi nkumagwirizana ndalama zopereka ku Jakarta.

Kodi mayikowa sankadziwa za mitembo ya mu Brantas ija? Ankadziwa bwino lomwe. Zikalata za ofesi ya kazembe wa America ku Jakarta zomwe zinatulutsidwa mu 2017 zikuonetsa kuti ankatsatira kuphanako mwatsatanetsatane. Magazini ya Time mu 1966 inachita kulemba kuti zomwe zachitika ku Indonesia ndi nkhani yabwino koposa yomwe mayiko a azungu alandira kuchokera ku Asia pa zaka zambiri. Nkhani yabwino, abale. America inali kuthira asilikali ku Vietnam kuopa chikomyunizimu, ndiye apa dziko lalikulu kuposa onse m'chigawocho langodzigwetsera lokha mbali yawo popanda msilikali wawo ngakhale m'modzi kufa, mukuganiza akanafunsa mafunso?

Chitsanzo chimene chimandiwawa ndi cha Papua. Kampani ya migodi ya ku America ya Freeport inasaina mgwirizano ndi boma la Suharto mu Epulo 1967 woti ikumbe mkuwa m'mapiri a kumadzulo kwa New Guinea, pomwe eni dera anali asanafunsidwe ngati akufuna kukhala mbali ya Indonesia kapena ayi. Kufunsako kunadzachitika 1969, ndipo m'malo moti munthu aliyense aponye voti, asilikali anasankha okha anthu opitirira pang'ono 1,000, nkuwasonkhanitsa, onse nkuvomera popanda ngakhale m'modzi wokana. United Nations inangolemba m'buku nkupitiriza zina. Mgodi uli pomwepo mpaka lero, ndi umodzi mwa ikuluikulu ya golide ndi mkuwa padziko lonse. Suharto deralo ankalitenga ngati lake, ndiye anatsogolera asilikali mu 1962 pokalilanda kwa a Dutch pa ntchito yotchedwa Mandala, mpaka mwana wake Tommy dzina lake lonse ndi Hutomo Mandala Putra.

Chabwino, tibwere ku mpunga, chifukwa mnzanga uja akanakhala pano bwenzi atayamba kale kugwedeza mutu. Zoona, mu 1966 mitengo ya zinthu inkakwera ndi maperesenti opitirira 600 pachaka, ndipo gulu la akatswiri a zachuma monga Widjojo Nitisastro ndi Ali Wardhana, omwe anthu ankawatcha Berkeley Mafia chifukwa ena mwa iwo anaphunzira ku California, linatsitsa zimenezo m'zaka zochepa. Mafuta a pansi atakwera mtengo mu 1973 ndalama zinasefukira, ndipo mbali ina inapitadi kumudzi: mbewu zatsopano za mpunga, feteleza wotsika mtengo, ngalande za mthirira, bungwe la Bulog logula mpunga kuti mtengo usagwe mlimi akakolola. Mu 1984 dziko lomwe linkagula mpunga wambiri kunja linayamba kudzidyetsa lokha, ndipo mu 1985 Suharto anakalankhula ku msonkhano wa FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya ndi ulimi, ku Rome ngati chitsanzo. Masukulu a pulayimale oposa 61,000 anamangidwa pakati pa 1973 ndi 1978. Umphawi, malinga ndi ziwerengero za boma lake, unatsika kuchoka pa 40 peresenti mu 1976 kufika 11 peresenti mu 1996. Ife amene nkhani ya feteleza imatisowetsa tulo chaka chilichonse sitingaseke zimenezi, ndi ntchito yeniyeni ndipo anthu anadya.

Koma taonani bwino amene anagwira ntchitoyo. Anali a makalasi aja, akatswiri a zachuma, a zaulimi, aphunzitsi. Pomwe asilikali anagwira okha chikwama panali manyazi. Kampani ya boma ya mafuta ya Pertamina inali m'manja mwa jenerale Ibnu Sutowo, ndipo mu 1975, nthawi yomwe mafuta anali pamtengo wabwino chonchija, inapezeka ndi ngongole ya madola pafupifupi 10 biliyoni, boma nkuchita kuiwombola. Ku kasitomu katangale anafika poti mu 1985 Suharto yemweyo analanda ntchito yoyendera katundu kwa anthu ake nkuipereka kwa kampani ya ku Switzerland ya SGS. Ndiye wina azindiuza kuti yunifomu ndi imene imabweretsa mwambo pa ndalama? Ndipo Indonesia chichokereni iye yakhala ikuchita zisankho, kusintha mapulezidenti, manyuzipepala kutukwana boma, chuma chikukulabe mpaka ili mu G20, gulu la mayiko a chuma chachikulu padziko lonse. Mfuti sizimene zinkameretsa mpunga.

Zisankho zinkachitika ndithu, pafupifupi zaka zisanu zilizonse mwaulemu wake, koma mu 1973 zipani zonse zinakakamizidwa kuphatikizana kukhala ziwiri zokha, PPP ndi PDI, pambali pa Golkar ya boma yomwe ogwira ntchito m'boma onse ankayenera kuivotera. Asilikali anali ndi mipando yawo mu nyumba ya malamulo yosavoteredwa, pa chiphunzitso chotchedwa dwifungsi choti msilikali ali ndi ntchito ziwiri, kuteteza dziko ndi kuliyendetsa, ndipo kuyambira ku likulu mpaka kumudzi pambali pa mkulu wa boma aliyense panali wa yunifomu. Pakati pa 1983 ndi 1985 m'matauni munayamba kupezeka mitembo ya anyamata oganiziridwa umbava, ambiri a zojambula pathupi, itatayidwa pamsewu ina ili m'masaka. Anthu ankati Petrus, kufupikitsa mawu otanthauza kuwombera kosadziwika mwini. Pambuyo pake Suharto anavomera yekha kuti zinali dala, zoti ena aone. Ndikudziwa kuti pali owerenga ena apa akuti eya, mbava zimafunika choncho. Funso langa ndi lomwe lija, mndandandawo akulemba ndani, ndipo mukutsimikiza bwanji kuti mphwanu mulibemo?

Nkhani ya East Timor ndiye imatiyandikira kuposa momwe ambiri timaganizira. Kusintha kwa boma ku Portugal mu Epulo 1974 komwe kunatsegula njira ya ufulu wa Mozambique ndi komwenso kunamasula kachigawo aka, komwe nakonso kanali pansi pa Portugal, ndipo chipani cha Fretilin, dzina lake lomwe likumveka ngati Frelimo, chinalengeza ufulu pa 28 Novembala 1975. Pa 6 Disembala Pulezidenti wa America Gerald Ford ndi nduna yake ya zakunja Henry Kissinger anali ku Jakarta kucheza ndi Suharto, ndipo zolembedwa za zokambirana zawo zomwe zinadzatulutsidwa zikuonetsa kuti anamuuza kuti amvetsa. Ndege yawo itangonyamuka, pa 7 Disembala, asilikali a Indonesia anatera ku Dili, likulu la East Timor. Mu 1976 dera lija linalengezedwa kuti ndi chigawo cha nambala 27 cha Indonesia. Anthu anathawira m'mapiri, ndege za OV-10 Bronco zogulidwa ku America zikuwaphulitsa, minda kuotchedwa, njala nkumaliza otsala. Komiti yofufuza zoona ya dzikolo inadzapeza kuti anthu osachepera 102,800 anafa chifukwa cha nkhondoyi pakati pa 1974 ndi 1999, m'dziko lomwe anthu ake sankafika ngakhale 1 miliyoni. Atsogoleri ena a Fretilin monga Mari Alkatiri, yemwe anadzakhala nduna yaikulu, zaka zonsezo ankakhala ku Maputo, ndipo mayiko a mu Africa olankhula Chipwitikizi ndi omwe sanatope kuikumbutsa United Nations za nkhaniyi pomwe akuluakulu ankayang'ana kumbali.

Australia ndiye inachita kuposa kuyang'ana kumbali. Atolankhani asanu ogwira ntchito ku ma TV a ku Australia anaphedwa ku Balibo ku East Timor mu Okutobala 1975, komabe dzikolo linadzavomereza kuti East Timor ndi ya Indonesia, ndipo mu 1989 nduna za zakunja Gareth Evans ndi Ali Alatas zinasaina pangano logawana mafuta a pansi pa nyanja ya Timor zili m'ndege pamwamba pa nyanjayo, matambula a shampeni m'manja. Chithunzi chimenecho mukachiona simufunanso wina akufotokozereni kuti ndale za Suharto ndi akunja zinkayenda bwanji.

Zinthu zinayamba kusintha osati chifukwa azungu anatulukira mwadzidzidzi kuti munthuyu ndi wankhanza, koma chifukwa khoma la Berlin linagwa ndipo malonda ake aja otsutsa chikomyunizimu anatsika mtengo. Pa 12 Novembala 1991 asilikali anawombera khamu la achinyamata ku manda a Santa Cruz ku Dili, ndipo ulendo uno kunali kamera, mtolankhani Max Stahl anajambula nkukwirira tepi m'manda momwemo nkudzaitenga usiku. Netherlands itadzudzula, Suharto mu 1992 anathetsa IGGI yonse nkukana thandizo la a Dutch, ndalama nkupitiriza kubwera kudzera m'gulu latsopano lotsogozedwa ndi World Bank. Chaka chomwecho cha 1992 ndi chomwe opereka thandizo anakumana ku Paris nkuimitsa thandizo ku Malawi pa nkhani ya ufulu wa anthu, Kamuzu naye atatha ntchito ngati mnzawo wodana ndi chikomyunizimu. Kusiyana kwake nkwakuti Kamuzu analibe mafuta, analibe golide, analibe anthu pafupifupi 200 miliyoni ogula katundu, ndiye iye anagwedezeka msanga pomwe Suharto anangosintha tebulo nkukhalanso zaka zina 6. Anachititsa msonkhano wa mayiko osakondera mbali ku Jakarta mu 1992, wa APEC, bungwe la zamalonda la mayiko ozungulira nyanja ya Pacific, ku Bogor mu 1994 atsogoleri onse atavala malaya a batik, Bill Clinton yemwe ali pomwepo. Mandela atapita ku Jakarta mu Julayi 1997 anachita kupempha kuti amutulutsire Xanana Gusmão, mtsogoleri wa omenyera ufulu wa East Timor, ku ndende adye naye chakudya chamadzulo, ndipo zinatheka, koma atatha kudya Xanana anabwerera kundende.

Pofika nthawi imeneyo ana anali atakula, ndipo apa ndi pomwe ulamuliro wa munthu m'modzi umathera nthawi zonse. Mwana wake wamkazi Tutut anali ndi misewu yolipiritsa, Tommy anapatsidwa mphamvu yoti alimi onse a cloves, zonunkhira zomwe amaika mu ndudu za kumeneko, azigulitsa kudzera ku bungwe lake, kenako mu 1996 anapatsidwa ntchito yopanga "galimoto ya dziko" yotchedwa Timor, yomwe zoona zake inali Kia yopangidwa ku South Korea yolowa osalipira msonkho. Anzake a bizinesi monga Liem Sioe Liong ndi Bob Hasan anali ndi ufa wa tirigu, simenti, matabwa. Transparency International mu 2004 inamuika pa nambala wani pa atsogoleri akuba padziko lonse, ndi madola pakati pa 15 ndi 35 biliyoni. Anthu a kumeneko anachita kupanga chidule chake, KKN, katangale, kugwirizana mwachinyengo ndi kukondera abale.

Ndiye mu 1997 ndalama za ku Asia zinagwa. Rupiah yomwe inali pafupifupi 2,400 pa dola imodzi inafika popitirira 15,000. Pa 15 Januwale 1998 dziko lonse linaona chithunzi cha Suharto atawerama kusaina pepala la IMF, mkulu wa bungwelo Michel Camdessus ataima pambali manja atapinda pachifuwa ngati hedimasitala. Kwa munthu amene mphamvu zake zonse zinali zoti akunja amamulemekeza ndipo mpunga ulipo, chithunzi chimenecho chinali maliro. Koma mdala sanamve, mu Malichi anadzisankhitsanso kachisanu ndi chiwiri nkuika Tutut ndi Bob Hasan mu kabineti. Kumayambiriro kwa Meyi mtengo wa petulo unakwezedwa ndi pafupifupi 70 peresenti, pa 12 Meyi ophunzira anayi a pa yunivesite ya Trisakti anawomberedwa, Jakarta inayaka masiku atatu, anthu oposa 1,000 anafa, ambiri opsera m'mashopu, ndipo anthu ochokera ku China, omwe tinene kuti ndi amwenye akumeneko, ndi omwe analunjikidwa kwambiri, amayi awo kugwiriridwa. Iye anali ku Cairo ku msonkhano. Atabwerako ophunzira anadzaza pabwalo ndi padenga la nyumba ya malamulo, nduna zake 14 zinakana kulowa kabineti yatsopano, ndipo m'mawa wa pa 21 Meyi 1998 anawerenga kapepala kotula pansi udindo, wachiwiri wake B. J. Habibie nkulumbira pomwepo. Anzake a ku Washington aja palibe anabwera kudzamugwira dzanja.

East Timor inavota pa 30 Ogasiti 1999, 78.5 peresenti kusankha ufulu. Mlandu wa katangale wa Suharto unayamba mu 2000 nkuthera panjira madokotala atati akudwala. Mwa ana ake, Tommy yekha ndiye analawako ndende mu 2002, pa mlandu wotuma anthu kupha jaji wa khothi lalikulu yemwe anamugamula, ndipo sanakhalitsemo. Prabowo Subianto, jenerale wakale yemwe anakwatirapo mwana wa Suharto, ndi pulezidenti kuyambira Okutobala 2024.

Mnzanga uja ndinamutumizira chithunzi cha lole ija ndipo anaseka nkuti waona, eni ake akumusowa. Ndinamutumiziranso china. Lachinayi lililonse kuyambira Januwale 2007, kutsogolo kwa nyumba ya pulezidenti ku Jakarta kumaima kagulu ka anthu ovala zakuda atagwira maambulera akuda, ena ndi agogo a 1965 aja, ena ndi makolo a ana omwe anawomberedwa kapena kusowa mu 1998, amaima mwakachetechete madzulo kenako nkubalalika kudikira Lachinayi lina. Chimenecho anangochiona, ma tiki awiri a buluu, sanayankhe mpaka lero.